Mlembi Amene Anadziyalutsa pa Intaneti

Inu amene mwatsegula nkhani ino pofuna mawu okulimbitsani mtima, ndikupempheni kuti muyambe mwaseka kaye. Bambo amene ndikufuna kukusimbiraniwa anasekedwa ndi msewu wathunthu, ndipo lero akamakumbukira amayamba okha kuseka. Koma tsiku limenelo mano awo sanaoneke.

Linali Lolemba m'mawa. A Mlembi anatulukira pa mzere wa okonza zinthu atavala shati yoyera yosita bwino, zolembera ziwiri zili m'thumba la pachifuwa monga mwa masiku onse. Pa mzerewu panali mashedi khumi ndi awiri a malata: wokonza njinga, wa mawailesi, wa mawotchi, mayi wosoka zovala, wowotcherera zitsulo, ndi ena otero. Nthawi ngati imeneyo nyundo zimakhala zikulira kale. Tsikulo kunali zii, anthu onse ataunjikana pa shedi ya wosoka nsapato, mlamu wawo wa a Mlembi, mchimwene wa akazi awo.

Mlamuyo anali atakwera pa benchi, foni ili m'manja, akuwerenga mokweza ngati wowulutsa nkhani pa wailesi.

"Uthenga wapamwamba ukuti, 'Alamu asadziwe zimenezi.'" Anadikira kuti anthu amalize kuseka. "Wotsatira ukuti, 'Chinthu ichi chandikana.' Winawu ukuti, 'Kodi ine sukulu ndinapitiranji?' Mauthenga makumi anayi ndi asanu ndi awiri, anthuni, onse m'dzina la gulu lathu. A Mlembi, takulandirani. Alamu adziwa."

Anthu anaseka mpaka wa mawotchi anakhala pansi, misozi ili chuchuchu. A Mlembi anangoima, chikwama chili m'khwapa. Sanamvetse kuti mawu amene ankalemba okha patebulo la kunyumba, chitseko atatseka, afika bwanji m'foni ya mlamu wawo. Chimene anamvetsa n'chakuti ayaluka, ndipo ayaluka pamaso pa anthu amene kwa zaka zisanu ankawavulira chipewa. Anatembenuka n'kuuyamba ulendo wobwerera kunyumba. Msewu wa mphindi khumi unatalika tsiku limenelo.

Kuti mumvetse kukula kwa chilondachi, dziwani kuti bambo amenewa anagwira ntchito yotayipa makalata mu ofesi ina kwa zaka makumi awiri ndi zinayi. Zala zawo zinkathamanga pa taipilaita maso ali kwina, ndipo m'kalata yawo simukanapezamo chilembo chopotoka. Kenaka ofesi inagula makompyuta, n'kulemba ntchito ana a dzulodzuloli, iwo n'kupatsidwa kalata yowathokoza. Chowawa n'chakuti kalatayo inali ndi zolakwika zitatu, ndipo anaziona zonse.

Atasowa kolowera, mlamu wawo anawaitanira ku mzere uja kuti azilembera gulu zokambirana za pa misonkhano ndi makalata opita ku maofesi. Kumeneko anapezanso ulemu. Pakati pa anthu a manja a girisi, iwo okha ndiwo anali a shati yoyera. Aliyense ankangoti kwa munthu wodziwa taipilaita, kompyuta ndi mng'ono wake chabe. A Mlembi sanatsutse. Kompyuta anali asanaigwirepo chibadwire, koma ulemu ukamakoma, ndani amaulavula?

Ndiye kunabwera uthenga woti msewu aukuza. Mashedi onse adzagumulidwa pakatha miyezi itatu, ndipo aliyense adzapatsidwa malo kwina, wina uku wina uko. Nkhaniyi inawasowetsa mtendere, chifukwa anthu amenewa ankadalirana ngati zala za dzanja limodzi. Wobweretsa njinga ankasiyanso nsapato, wodikira wailesi ankasoketsa thalauza, ndipo chitsulo chikathyoka wa njinga ankangokuwira wowotcherera. Akabalalika, makasitomala akawapeza kuti? Nanga iwo okhaokha akapezana bwanji?

Nthawi yomweyo kunafika mayi wina wachitsikana wochokera ku yunivesite, wofufuza za mmene anthu amagwirizanirana, kapena kudanirana, ndi makompyuta. Anali atapanga chipangizo choti munthu wamba azitha kudzimangira yekha tsamba la pa intaneti, n'kumalembapo timauthenga tifupitifupi toti aliyense awerenge: ndili pakuti, ndakonza chakuti, ndani ali ndi chitsulo chakuti. Kwa anthu amene akubalalika, chimenechi chinali chingwe chowamangirira pamodzi. Pa mzere anamupatsa dzina loti a Mukuganizanji, chifukwa funso lake linali lomwelo tsiku lonse.

Anawaitana mmodzimmodzi ku kachipinda kake. Munali tebulo, kompyuta, kamera ya miyendo itatu, ndi fani yolira ngati ili ndi chifuwa. Mayiyo ankauza aliyense kuti sakuyesa munthu, akuyesa chipangizocho, choncho anene mokweza chilichonse chimene chikumuvuta. Mawu abwino ndithu. Koma inuyo, kamera itakuyang'anitsitsani, munthu wa msinkhu wa mwana wanu ali pambali ndi cholembera, mungavomere kuti mwasokonezeka? A Mlembi anadina apa ndi apo thukuta lili kamukamu, ndipo mayiyo akawalozera pang'ono ankati anali atapaona kale. Pomaliza anati zonse zili bwino, ngakhale mwana akhoza. Anzawo khumi ndi awiri ananenanso chimodzimodzi, mayiyo n'kulemba mu lipoti lake kuti chipangizocho n'chosavuta.

Gulu linasankha a Mlembi kuti amange tsambalo, ndipo mayiyo anawabwereka laputopu yakale. Apa ndi pamene zinaipira. Wotayipa aliyense wakale akafika kumapeto kwa mzere, chala chaching'ono chimapita chokha pa batani lalikulu la kumanja kuti ayambe mzere watsopano. Zimenezi sizidutsa m'mutu, zimakhala m'chala. Koma pa chipangizo cha mayi uja, batani lomwelo linali lotumizira uthenga kwa anthu onse. A Mlembi akalemba kuti "Okondedwa makasitomala athu," n'kudina, mawuwo ankazimiririka m'kabokosi kolembamo. Iwo ankayesa kuti makinawo akuwadyera mawu, osadziwa kuti akukaunjikana pa tsamba, m'munsi momwe sankadziwa kutsikirako.

Analemba, mawu n'kusowa. Analembanso, n'kusowanso. Atatopa anayamba kuchita zimene ankachita kale pa pepala loyeserera riboni yatsopano ya taipilaita, kulemba chilichonse chili kukhosi poti n'zokataya. Masabata asanu ndi limodzi anatha choncho, ndipo akafunsidwa pa mzere ankayankha kuti tsamba likuyenda bwino, angotsala ndi kusalaza.

Mayi wofufuza nayenso anapusa mwa mtundu wake. Kompyuta yake inkamuonetsa chiwerengero chokha, kuti gulu latumiza mauthenga makumi anayi ndi asanu ndi awiri. Anasangalala osatsegula n'kamodzi komwe, ndipo Lamlungu anatumiza adiresi ya tsambalo ku mafoni a anthu onse a pa mzere. Zotsatira zake mwazimva kale.

A Mlembi anakhala masiku asanu ndi anayi osatuluka m'nyumba. Gulu linatuma wa mawailesi kudzatenga buku la zokambirana, iwo n'kulipereka kudzera pa windo. Ankangokhala pa mpando wa pakona, laputopu ataiphimba ndi nsalu ya patebulo kuti asamaione. Manyazi awo sanali a kusadziwa kokha. Chimene chinkawadya kwambiri n'chakuti ananama, ndipo bodza lawo linadya theka la nthawi imene anzawo anali nayo.

Akazi awo, amene ankagwira ntchito yochapa ndi kusita zovala za anthu, anawapirira sabata yathunthu. Tsiku lachisanu ndi chinayi anasita shati yoyera ija n'kuikoleka pa mpando womwewo.

"Bambo, manyazi anapha lambe," anatero. "Thirakitala yogumula mashedi siidikira kuti nkhope yanu ipole. Achimwene anakusekani, inde, koma mzere uja ukagwa tagwa tonse."

Masana ake kunamveka odi. A Mlembi atazindikira mawu a mayi wofufuza anathawira kuchipinda, n'kunong'oneza akazi awo kuti anene kuti achoka. Akaziwo anatsegula chitseko, n'kuuza mlendoyo kuti bambo akuti achoka, koma akangodikira pang'ono abwerako, poti kumene apitako ndi kuseri kwa katani ya pakhomo la kuchipinda.

Anatuluka mutu uli pansi, akuyembekeza kukalipiridwa. Koma mayiyo ndiye anali womvetsa chisoni kuposa iwo, maso atatupa. Anafotokoza kuti akuluakulu ake aona tsambalo, ndipo amudzudzula pamaso pa anzake chifukwa chowerenga manambala osawerenga mawu. Amuuza kuti atseke kafukufukuyo, alembe kuti anthu ngati a pa mzere sanafike pogwiritsa ntchito zinthu zotere. Iye wachonderera, ndipo amupatsa mwezi umodzi wokha. Kenaka anafunsa funso lake lija, koma ulendo uno ngati munthu wofunadi kudziwa: ankaganizanji podina batani limenelo pakati pa chiganizo?

A Mlembi anayala zala patebulo n'kuyamba kutayipa pa thabwa lopanda kanthu, chala chaching'ono chikudumphira kumanja mzere uliwonse ukatha. Anafotokoza za kabelu kamene kankalira pa taipilaita, ndi za mphunzitsi wawo amene ankamenya zala ndi rula munthu akachedwa kubweza mzere. Mayiyo anangoti kukamwa yasa. Zaka zonse za sukulu yake, taipilaita anali atangoiona pa chithunzi.

"Bambo, ndiye kuti cholakwa si chanu. N'changa."

"Ayi mayi, tigawane," anatero a Mlembi. "Inu munakumba dzenje pakhomo. Ine ndinagweramo, n'kumakuwa ndili m'dzenjemo kuti njira ili bwino."

M'mawa mwake anavala shati ija. Masiku oyamba ankazungulira njira ya kuseri kwa magalaja kuti asadutse pa mzere, ulendo waufupi n'kusanduka wa theka la ola. Kenaka anaona kuti nsapato zikutha, pamene wozisoka ndi yemwe akumuthawayo. Anayamba kudutsa pa mzere pomwepo. Mawu oti "alamu asadziwe" anali atasanduka nyimbo ya pamalopo. Wina akabisa ndudu, wina akadya yekha, mawu anali omwewo. A Mlembi ankapereka moni ndi mutu, makutu akutentha, osaima.

M'kachipinda muja ntchito yawo inali imodzi, kulephera mokweza. Musaganize kuti n'zophweka. Tsiku loyamba anakhala nthawi yaitali akuyang'ana kachithunzi kena, mawu oti "sindikudziwa" akukana kutuluka. Atawatulutsa anamva ngati avula pagulu. Koma denga silinagwe. Mayiyo anangolemba, n'kuthokoza. Tsiku lachiwiri anatchula zowavuta zisanu, lachitatu khumi ndi ziwiri, ndipo pofika tsiku lachisanu mayiyo ndiye ankapempha kuti apume kaye, dzanja latopa.

Ananena kuti kachithunzi ka ndege ya pepala, kotumizira uthenga, sikawauza chilichonse, iwo ankayesa n'ka masewera. Ananena kuti munthu wanzeru satumiza kalata asanaiwerenge yonse. Anafotokoza kuti ku ofesi kwawo kunali thireyi ya makalata oyeserera ndi thireyi ya makalata otuluka, ndipo mesenjala sankakhudza yoyambayo. Mayiyo ankakonza, iwo n'kudzayesanso, n'kupezanso china. Batani lija linasiya kutumiza, linayamba kungotsitsa mzere. Panabwera malo olemberapo zoyeserera amene mwini yekha ndiye amaona. Ndipo munthu asanatumize, chipangizocho chinayamba kufunsa m'mawu omveka kuti anthu onse aona zimenezi, kodi atumizedi?

Koma mutu umodzi susenza denga. Tsamba la gulu linkafunika kuti gulu lonse lizilidziwa. Mayiyo anaitananso anthu a pa mzere, ndipo nyimbo inali yomwe ija. Mayi wosoka zovala anakhala kotala la ola osalemba kanthu, n'kudzuka akumwetulira kuti zili bwino kwabasi. Wowotcherera anati n'zapamwamba. Masiku anali atatsala khumi ndi asanu ndi atatu.

A Mlembi anawadziwa matendawo, poti anali atadwalapo. Anapempha mayiyo kuti awasindikizire papepala mauthenga awo aja, onse osasiya ngakhale umodzi, ndi kuti awalole kumakhala nawo m'chipindamo. Akazi awo atamva anafunsa ngati mutu ukuyenda bwino, munthu kumadzitokosa yekha chilonda chimene changoyamba kupola.

Mayi wosoka zovala atabweranso, a Mlembi anaimirira n'kuwerenga pepalalo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Wosoka zovalayo anayesa kudzigwira, koma pofika pa za sukulu zija anaphulika. A Mlembi anadikira kuti amalize.

"Mwaseka, mayi, ndipo mwachita bwino. Tsopano m'chipinda muno mbuli yaikulu yapezeka kale, mpando umenewo ndakhalapo ine. Inu nenani zanu mosaopa."

Wosoka zovalayo anapukuta misozi. Kenaka ananena motsitsa mawu kuti tizilembo totuwato sationa, maso anatha ndi singano, ndipo wakhala akubisa zimenezi ngakhale kwa ana ake. Wowotcherera anaulula kuti batani lofiira saligwira, poti pa makina ake chofiira ndi ngozi. Wa mawotchi, yemwe anaseka mpaka kukhala pansi uja, anati sukulu anailekera panjira, ndipo amaopa kulemba poyera kuti anthu angamuseke. Aliyense akalowa, a Mlembi ankayamba ndi pepala lija. Analiwerenga kakhumi ndi kamodzi, ndipo ndikuuzeni zoona, silinasiye kuwawa ngakhale ulendo umodzi.

Wachikhumi ndi chiwiri sanabwere. Mlamu wawo anatumiza mawu oti iye si mwana woti aziseweretsa timabatani. Makasitomala ake amamudziwa, adzamupeza ndi fungo la guluu.

Zinthu sizinangoyenda myaa kuchokera pamenepo. Tsiku lina wa mawotchi ndi wa mawailesi analemba pa tsamba nthawi imodzi, wina n'kufufuta za mnzake osadziwa. Anatsala pang'ono kugwirana makolala, aliyense akuti mnzake wachita dala chifukwa cha nsanje. Mayi wofufuza anayamba kufotokoza zozama za mmene makompyuta amasungira mawu, koma a Mlembi anamudula mwaulemu. Anamukumbutsa kuti pa mzere aliyense ali ndi shedi yake, mnzake salowamo popanda odi, ndipo nkhani za onse amakambira pa benchi ya pakati. Mayiyo anakonza chipangizocho motero: aliyense malo ake olembapo, ndi malo amodzi a onse. Kenaka a Mlembi anamanga tsambalo ndi manja awo, pang'onopang'ono, akufunsa pamene asokonezeka. Anandandalika mayina monga mmene mashedi anaimira mumsewu, kuyambira wa njinga kukathera kwa wowotcherera, kuti kasitomala wakale azipeza munthu ndi chikumbukiro cha mapazi ake.

Tsamba linatha kutatsala masiku anayi. Thirakitala inabwera pa tsiku lake, mashedi n'kugwa, anthu n'kubalalika. Koma m'mafoni mzere unakhalapobe. Wa njinga analemba kuti ali pafupi ndi mlatho, n'kuikapo chithunzi cha chikwangwani chake. Foloko ya njinga ikathyoka ankalemba mawu owerengeka, wowotcherera n'kuyankha kuti abweretse isanakwane thwelofu. Mayi wosoka zovala, atapatsidwa zilembo zikuluzikulu, anasanduka wolongolola wa gulu. Makasitomala anayamba kufunsira pomwepo kuti wakuti anapita kuti, ndipo akuluakulu a ku yunivesite anasiya kukamba za kutseka. Malo amodzi okha pa tsambalo ndiwo anali mbee, a wosoka nsapato.

Patatha masabata atatu, akazi awo anabwera ndi nkhani yochokera kwa mkazi wa mchimwene wawo. Wosoka nsapato anapatsidwa malo kuseri kwa nyumba yosungiramo simenti, kumene ngakhale galu sadutsa. Amachoka m'mawa, amabwerako manja ali m'thumba, ndipo akafunsidwa amati zili bwino. Akaziwo anapempha amuna awo kuti angomulembera uthenga mwakachetechete.

Sindikubisirani, mtima wa a Mlembi unayamba wakondwera. Anadziuza kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma chimwemwe chimenecho sichinakhalitse. Chinawachititsa manyazi ena atsopano, chifukwa palibe ankadziwa kuposa iwo kulemera kwa mawu oti "zili bwino" akamatuluka m'kamwa mwa munthu amene akumira. Atatha kudya masana anavala nsapato zawo zakutha n'kunyamuka.

Anamupeza atakhala yekha, fumbi la simenti litamuyeretsa tsitsi, akupukuta chitsulo chokhomerapo nsapato chimene chinali chopukuta kale. Pa shelefu panalibe nsapato ya munthu ngakhale imodzi. Mlamuyo anawalandira ndi nthabwala, anati ntchito yachuluka moti wangotumiza kumene katundu kwa eni ake. A Mlembi sanatsutse. Anakhala pambali pake n'kumayang'ana naye khoma la nyumba ya simentiyo.

Kenaka mlamuyo anatambasula manja. Zala zinali zonenepa, zolimba, zong'ambikang'ambika ndi ulusi ndi guluu wa zaka makumi atatu.

"Alamu, taonani. Ndikafuna chilembo chimodzi, zimadina zitatu. Ndayesa ndekha kuno masiku onsewa. Tsiku lija ndinkaseka kwambiri kuti anthu ayang'ane inu, asayang'ane ine. Ndilembereni, chonde."

"Ayi," anatero a Mlembi. "Ndikakulemberani lero, mawa mudzandidikira, mkuja mudzandidikiranso. Zala zimenezi zaveka anthu nsapato zaka makumi atatu, zilibe mlandu. Tiyeni mukanene zomwe mwandiuzazi kwa a Mukuganizanji, kamera ikuona."

Mlamuyo anakana, anatukwana kamera ndi amene anaipanga, anati bola afe ndi njala. M'mawa mwake anapezeka pakhomo la kachipinda kaja asanatsegule n'komwe, atavala jekete limene mabatani ake anasiya kalekale kukumana. Anakhala pansi pamaso pa mayiyo n'kuyesa kulemba dzina lake katatu, katatu konse n'kutuluka zosawerengeka. Sanaseke, sanachite nthabwala, anangoti zamukanika. Mayiyo anaziyang'ana zalazo, n'kuvomereza kuti popanga chipangizo chake ankaganizira zala zonga zake zokha. Zinamutengera sabata yathunthu kuti aikepo batani limodzi lalikulu, loti munthu azingolipanikiza n'kulankhula.

Uthenga wake woyamba wosoka nsapato anaulankhula ali pa malo ake, a Mlembi ali chapatali akunamizira kuyang'ana matumba a simenti. Anayamba kawiri n'kuleka. Kachitatu anatsokomola, n'kunena kuti:

"Ndine wosoka nsapato uja wa pa mzere wakale. Ndili kuseri kwa nyumba ya simenti, mukapitirira mpopi wosweka mukhotere kumanzere. Ndatha mwezi osagwira nsapato ya munthu. Ndimakuuzani kuti zili bwino, ndimanama. Bwerani, anthuni."

Chipangizocho chinafunsa ngati atumizedi, poti anthu onse amva. Chala chija chinaima m'malere kanthawi, kenaka chinadina.

Palibe anaseka. Wa njinga ndiye anali woyamba kufika, atamangirira pa kaliyala thumba la nsapato zimene anatolera kwa makasitomala ake. Mayi wosoka zovala analengeza ndi zilembo zake zikuluzikulu kuti wosiya zovala asiyenso nsapato, adzazitumiza yekha. Pofika Loweruka shelefu inali itadzaza, mlamu n'kuyambiranso kudandaula kuti anthu samupatsa mpata wopuma.

Lero a Mlembi amagwira ntchito ndi ofufuza a ku yunivesite ija. Digiri alibe. Koma wophunzira aliyense amene wapanga chipangizo chatsopano amayamba wadutsa kwa iwo asanapite nacho kwa anthu, ndipo ambiri amatuluka atagwira mutu. Pa lipoti limene mayi uja anakawerenga ku msonkhano wa ofufuza anzake, dzina lawo linalembedwa pambali pa lake.

Ndiye inu amene mukuwerenga, mwina pali fomu imene yakukanani, mayeso amene mwagwa kachiwiri, makina a kuntchito amene mumanamizira kuti mukuwadziwa, kapena shedi imene mumatsegula m'mawa n'kutseka madzulo osaona munthu. Ndikudziwa, kunena kumawawa, ndipo mwina ena aseka. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo anthu sangabwere kumene sakudziwa kuti muliko. Musataye mtima, komanso musabise. Pezani munthu mmodzi lero, dzuwa lisanalowe, mumuuze pamene zakukanirani.